Chidindo pa Wailesi ya a Masikelo

Dzina limene anabatizidwa nalo linali m'buku la kutchalitchi ndi pa chiphaso cha ntchito, koma panalibe wolitchula. Aliyense ankangoti a Masikelo. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankati, "Inu a Masikelo inu," iwo n'kuyankha bwinobwino.

Anagwira ntchito yoyesa masikelo zaka makumi atatu ndi chimodzi. M'mawa uliwonse ankavala jekete la khaki lofika m'mawondo, n'kunyamula bokosi lathabwa la miyala yamkuwa yoyesera. Mwala uliwonse unali ndi kadzenje kake, kuyambira waukulu ngati chibakera mpaka kakang'ono ngati batani la malaya. Akangotulukira pachipata cha msika, uthenga unkawatsogolera. Ogulitsa nyama ankamatula msanga maginito amene anamata kunsi kwa mbale ya sikelo. Ogulitsa shuga ankakankhira sikelo ya tsiku ndi tsiku pansi pa matumba n'kutulutsa ina yonyezimira, yosungira alendo. A Masikelo sankakalipa. Ankachotsa zonse pambale, kupukuta ndi kansalu, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Muvi uyambe waima pa ziro," ankatero, "kenako tilonjerane."

Sikelo ikapezeka yolungama, ankapisa kawaya pamalo posinthira, kumanga, n'kufinyirapo kamtovu ndi chopanira chachitsulo chokhala ndi chizindikiro cha ofesi. Chimenecho ndicho chinali chidindo. Mwini sikelo akachidula, unali mlandu. Ngakhale woyesa weniweniyo sankaloledwa kuchidula mwachisawawa. Pankafunika dandaulo lolembedwa, ndiponso mboni yoima pomwepo ikuona. Lamulo limeneli a Masikelo ankalikonda monga mmene ena amakondera ndime ya m'Baibulo.

Mkazi anamupezera pa ntchito yomweyo. Ali mnyamata analowa m'golosale ina, napeza kuti sikelo ikuba pang'ono pa kilo iliyonse. Anailanda. Mwini golosale anatukwana mpaka thovu kukamwa, koma mwana wake wamkazi, amene ankathandiza kuseri kwa kauntala, anaseka mpaka kugwira mashelefu. Sikelo itakonzedwa, mnyamata uja anaibweza yekha. Mwezi wotsatira anabwera kudzaiyesanso, ndi wotsatirawonso. Chaka chimenecho sikelo imodzi inayesedwa kakhumi ndi kawiri, mpaka mkulu uja anatopa.

"Mnyamata iwe," anatero, "tenga chimene ukufuna m'sitolo muno, sikelo yanga uisiye ipume."

Anabereka ana atatu, anawalera, anawo n'kupita kwawo. A Masikelo ndi mayiwo sanali anthu ouzana za chikondi. Akadzuka ankapemphera, akadya ankathokoza, akakangana ankamwa tiyi aliyense akuyang'ana khoma lake. Koma panali chinthu chimodzi chimene sankachiphonya: Lamulungu masana. Akabwera kutchalitchi, kudya, mbale n'kutsukidwa, nthawi ya thu koloko wailesi inkaulutsa nyimbo za makwaya kwa maola awiri, pakati pake pali kaulaliki kakafupi. Awiriwa ankakhala pa sofa. Mayiwo, amene ankaimba alito m'kwaya kuyambira ali mtsikana, ankaluka uku akutsatira nyimbo chapansipansi. A Masikelo, amene kwaya inawakana kawiri mwaulemu, ankangogogoda chala pa mkono wa sofa. Munthu wowaona akanati palibe chikuchitika, koma a Masikelo sabata yonse ankayenda m'misika ndi bokosi lolemera lija akudziwa kuti Lamulungu likubwera.

Atapuma pa ntchito, ofesi inali itayamba kumata timapepala m'malo mwa mtovu, choncho chopanira chija anawapatsa ngati chikumbutso, pamodzi ndi kathumba ka mtovu wotsala. Iwo anaganiza zodzithokoza. Wailesi yakale ija anaipereka kwa mwana wawo wamkulu, n'kupita kukagula chimakina cha nyimbo: ampu yakuda yokhala ndi wailesi momwemo, ndi masipika awiri ofika m'chifuwa. Amuna awiri anachita kuwanyamula ngati akusamutsa nyumba.

"Bambo, awa ndi masipika kapena makabati?" anafunsa mayiwo. "Ali ndi mashelefu m'kati? Ndiikemo mabulangete."

Pankhope pa ampu panali batani lalikulu lokwezera mawu, ndi timabatani tiwiri topotokola. Wogulitsa anali atawafotokozera kuti kamodzi ndi ka besi, mawu onenepa aja ogunda pachifuwa, ndipo kenako ndi ka tirebo, mawu owonda, akuthwa, amene amachititsa kuti zolankhula zimveke bwino. Kupotokolera kumanja ndiye kuonjezera, kumanzere kuchepetsa. Koma a Masikelo zonsezo anazimva ndi khutu limodzi. Iwo anali ataona kuti pakatikati pa kabatani kalikonse, pamwamba penipeni, palembedwa ziro. Mtima wawo unakhala pansi.

"Oimba anaimba monga anaimbira," anauza akazi awo tsiku lomwelo. "Ine ndine yani kuti ndiwaonjezere kapena kuwachotsera? Kugwira timabatani iti n'chimodzimodzi kuika chala pa sikelo."

Mwina zikanathera pa mawu okha pakanapanda mlamu wawo. Ameneyu anali mlongo wamng'ono wa mayiwo, dalaivala wa malole, munthu wolankhula ngati aliyense ali kutsidya la msewu. Anabwera kudzaona katunduyo, anazungulira masipika aja akuimba mluzu, n'kuwasisita ngati ng'ombe zogula.

"Alamu, chilombo chotere mukuchisunga chogona? Tachidzutsani timve!"

"Chili pa ziro," anayankha a Masikelo. "Chisiyeni."

Atangotuluka kukasamba m'manja, nyumba inagwedezeka. Matambula a m'kabati anayamba kuyenda okha. Chithunzi cha ukwati chinapendekeka. Mphaka anatulukira pawindo ndipo sanaonekenso kwa masiku awiri. A Masikelo anabwera chothamanga, sopo ali m'manja, napeza mlamu wawo akuvina pakati pa balaza maso ali chitsinzinire, besi atamupotokola mpaka kumapeto.

M'mawa mwake anadula chitini cha mabisiketi, anachipinda ngati kachipewa, anavundikira timabatani tiwiri tija, n'kuzunguliza waya kumbuyo kwa ampu. Kenako anatenga chopanira ndi kamtovu. Mayiwo ali kukhitchini anamva kuti "kha," anadziwa kuti m'nyumba mwawo mwalowa boma.

Tsono balaza lawo linali la simenti yosalala, makoma opanda kanthu, kumwamba malata opanda siling'i. Khoma lalitali linali litatengedwa kale ndi kabati ya mbale, ndiye masipika anakankhidwira m'makona. Mawu onenepa akalowa m'kona amanenepa kawiri. Kwaya ikayamba, zinkamveka ngati magalimoto akudutsa pa mlatho, ndipo mlaliki ankakhala ngati akulalikira ali m'kati mwa mgolo. Kuwonjezera apo makutu a mayiwo anali atayamba kukalamba. Mawu owonda ndiwo anayamba kuwathawa. Ketulo ikalira ankaimva mochedwa, ndipo mbalame za m'mawa ankati zasamuka.

Anapirira miyezi ingapo, poti anali munthu wosakonda mikangano. Zoluka zinkapitirira, koma kuimba kunaleka. Tsiku lina anaika ulusi pansi.

"Bambo, akuimba chiyani?"

"Akuimba nyimbo."

"Ndamva kuti ndi nyimbo. Mawu ake akuti chiyani?"

"Mawu ake ndi omwe aja a masiku onse."

"Tangochepetsaniko kugundako pang'ono, mwina ndingamve."

"Pali chidindo, mayi."

"Anaika chidindocho ndani?"

"Woyesa."

"Woyesayo si yemwe ndimamuchapira masokosi ine?"

A Masikelo anafotokoza bwinobwino, monga ankachitira ndi ogulitsa nyama, kuti makina ali pa ziro sanama. Ngati pali chosamveka, vuto lili kwina. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, anati, "Chabwino, bambo," n'kutola ulusi wawo. Amene anakhala m'banja amadziwa kuti "chabwino" wotere si mathero a nkhani.

Lamulungu lotsatira, mbale zitatsukidwa, mayiwo anaika zoluka m'kathumba.

"Ndikukaona atelala," anatero.

Atelalawa anali mayi woyandikana nawo nyumba, kuseri kwa mpanda wa zitsamba. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo ankadzisamala ndi kusoka mayunifolomu a ana asukulu. Anali ndi kawailesi kofanana ndi chidutswa cha sopo wochapira, kachitseko ka mabatire komanga ndi mphira, eliyo yake waya wa hang'ala.

A Masikelo anati palibe kanthu, munthu amayenera kuona anzake. Anayatsa makina awo nakhala pa sofa okha. Lamulungu linalo zinali zomwezo, ndi linalonso. Sofa ija, imene kale ankadandaula kuti ndi yaing'ono, tsopano inali ngati bwalo la mpira. Ankagogoda chala, koma chinkangosiya chokha. Anaona kuti akapanda kuchitapo kanthu, masana a Lamulungu onse amene Mulungu wawasungira adzawatha okha, ali pakati pa mabokosi awiri.

Anachitapo kanthu ndithu, kupatula chinthu chimodzi chokhacho.

Poyamba anabwereka levulo kwa mmisiri womanga nyumba, nayeza masipika onse awiri. Imodzi inapezeka yopendekera pang'ono, anaiikira kakatoni kunsi. Anaitana mayiwo kuti adzamve. Mayiwo anamva, n'kupita kwa atelala.

Kenako anaganiza kuti batani lalikulu lija lilibe mlandu, popeza limangochulukitsa katundu osasintha mtundu wake. Analikweza. Galu wa nyumba yachitatu anayamba kulira. Mayiwo anaima pakhomo kathumba kali m'manja, anapendeketsa mutu kwa kanthawi.

"Zikomo bambo, mwayesetsa," anakuwa. "Kale sindinkamva chapansipansi. Tsopano sindikumva mokweza."

Atalephera apo anawatengera kuchipatala kuti akawatsuke m'makutu. Namwino anaunika ndi katochi, nati makutuwo ndi oyera, angokula, monga mmene amachitira mano ndi mawondo. Ndiye anatembenukira kwa a Masikelo.

"Nanga inu bambo, tikuoneni?"

"Ine ndangoperekeza," anayankha, chipewa atachikokera m'makutu.

Zonse zitakanika anatenga chisizasi chodulira zitsamba. Lamulungu masana, munthu amene moyo wake wonse sanakhomepo ngakhale msomali tsiku la Ambuye, anapezeka ali pampanda, kudula apa, kudula apo, khutu atalozetsa kwa atelala. Mpandawo anauyamba uli wofika m'mapewa. Pofika sabata yachitatu unali m'chiuno, chifukwa mbali imodzi ikatsika pang'ono mtima sunkawalola kuisiya inayo.

Atelala anasuzumira pawindo, magalasi ali pamphuno.

"Aneba, pa Sabata pomwe?"

"Sindikugwira ntchito ayi. Ndikungowongola."

"Wongolani bwino. Mpanda umenewu ukatha tizionerana m'miphika."

Anabwerera m'nyumba ndi manyazi. Makina anali akugunda okha m'balaza. Anawayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwagulireni anawazimitsa nyimbo zisanathe. M'nyumba munangoti zii. Mu bata limenelo, kudutsa pamwamba pa kampanda kometedwa kaja, kunabwera mawu a alito, otsika, osathamanga, opuma pamalo pomwe ankapumira kale. Anali asanawamve kwa miyezi isanu ndi itatu. Anakhala pa mkono wa sofa ngati mlendo. Kenako anaimirira, anayang'ana uku ndi uku kufuna chonamizira, natenga ambulera.

"Odi kuno!"

Atelala anatsegula chitseko, anayang'ana ambulera, anayang'ana kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe.

"Amayi anaiwala ambulera," anatero a Masikelo.

"Mwachita bwino, aneba, akananyowa ndi dzuwa. Lowani."

Anawapatsa kampando pakati pa tizidutswa ta nsalu ndi mayunifolomu osamalizidwa. Kawailesi kaja kanali pamwamba pa makina osokera, kakulira ngati udzudzu wotsekeredwa m'chitini. Besi munalibemo ndi pang'ono pomwe. A Masikelo anamva chisoni ndi oimba, kuti anthu makumi anayi apanikizidwe m'kanthu kotero. Koma mawu ankatuluka limodzilimodzi, oyera ngati mpunga wosankha. Mayiwo sanasiye kuimba. Anangowasunthira phazi kuti kampando kakwane.

Chakumapeto kwa pulogalamu, nyimbo itatsika, munthu wina anayamba kulankhula pang'onopang'ono. A Masikelo anaidziwa nthawi imeneyi. Kunyumba, pamenepa ankavula magalasi, kuweramitsa mutu, n'kudikira kuti anene "Ameni." Anavula magalasi naweramitsa mutu. Ndiye anamva bwinobwino munthu uja akutchula nambala ya bokosi la kupositi kumene makwaya angatumizeko makalata, nabwereza kawiri kuti olemba alembe.

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Amayi awiri aja anali akuyang'ana zoluka ndi zosoka zawo mwakhama lodabwitsa, koma mapewa a atelala ankagwedezeka.

Pobwerera anayenda awiri, ambulera ili pakati pawo yosatsegula.

"Mwandithawa, mayi."

"Sindinakuthaweni, bambo. Ndinatsata mawu. Ine zaka zanga zapita, sindikudziwa kuti makutuwa andisungira nyimbo zingati. Zotsalazo ndikufuna ndizimve. Mukabweretsa mawu kunyumba, mundipeza pa sofa."

Lolemba m'mawa a Masikelo anaima patsogolo pa ampu, chodulira waya chili m'manja. Anachiyandikizitsa, anachibweza. Anayenda mpaka pawindo, anabwerera, anachiyandikizitsanso. Dzanja linakana. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anali asanadulepo chidindo popanda pepala, ndipo sakanayamba lero chifukwa choti nyumba ndi yawo. Anapita kukhitchini nakhosomola.

"Mayi, pakufunika dandaulo lolembedwa."

Mayiwo anatembenuka, manja ali m'madzi a mbale. Anawayang'ana nthawi yaitali, kufufuza ngati pali nthabwala penapake pankhope imeneyo. Inalibe.

"Mukunena zoona, bambo?"

"Popanda dandaulo chidindo sichidulidwa. Pafunikanso mboni."

Mayi wina akanaponya chinkhupule. Awa anapukuta m'manja, anang'amba tsamba la mwezi watha pa kalendala, nakhala patebulo ndi cholembera. Analemba mosafulumira, lilime lili pakona pa mlomo, kenako anapinda pepalalo kanayi n'kulipereka ndi manja awiri. Linati:

"Kwa Woyesa Wamkulu, Pabalaza. Ine wokhala m'nyumba ino zaka makumi atatu ndikudandaula kuti katundu amene ndikulandira pa makina anu ndi woperewera. Oimba amatumiza nyimbo ndi mawu ake, koma kwa ine kumafika kugunda kokha, mawu amatsalira m'makona. Amene akundibera sindikumudziwa ndipo ndamukhululukira. Ndikungopempha kuti mudzayesenso, ndipo poyesapo mudzayesere pamene ndimakhala ine, osati pamene pamakhala makinawo. Ndine wanu pa mtendere ndi pa mavuto, Wodandaula."

A Masikelo anawerenga kawiri. Pofika pa mawu oti "woperewera" nkhope yawo inasintha, inakhala ija ya pachipata cha msika. Munthu wolandira zoperewera, ameneyo ndiye ankawadzutsa m'mawa moyo wawo wonse. Kungoti sanaganizepo kuti angamupeze m'khitchini mwawo.

"Dandaulo ili ndi lomveka," anatero. "Lidzaonedwa Lamulungu, thu koloko."

Mboni inali atelala. Mlamu uja sanaitanidwe, koma anamva, ndipo anafika lole ataimika pakona ya msewu, nati nkhani ngati imeneyi siingachitike mbale wa wodandaula palibe. A Masikelo anatuluka kuchipinda atavala jekete la khaki lija, limene tsopano mabatani ake awiri apamimba sankafikanso. Anaimika atelala kumanja kwa ampu. Anauza wodandaula kuti akhale pamalo pake pa sofa. Kenako anawerenga dandaulo lonse mokweza, kuyambira "Kwa Woyesa Wamkulu."

"Amene akukuberani ine ndikumudziwa, achemwali," anatero mlamu. "Ndimutchule?"

"Wosakhudzidwa ndi nkhani akhale chete," anatero a Masikelo osamuyang'ana. "Mboni, mukuchiona chidindochi kuti n'chosadulidwa?"

"Ndikuchiona, aneba."

"Nenani kuti ndikuchiona, bambo woyesa."

"Ndikuchiona, bambo woyesa," anatero atelala, ataluma mlomo.

Waya unaduka. Kachipewa kachitini kanachotsedwa, ndipo timabatani tija tinaoneka, tonse tili chilili pa ziro, toyera kuposa ampu yonse. Kwaya inali itayamba kale kugunda m'makona. A Masikelo anapukuta zala pa jekete, nagwira ka besi ngati akugwira mbale yotentha.

"Wodandaula atseke maso. Akamva kusintha anene."

Anapotokolera kumanzere kamzere kamodzi.

"Pitirizani," anatero mayiwo.

Kachiwiri. Matambula a m'kabati, amene kwa miyezi yonseyo ankanong'onezana, anatonthola.

"Pang'ono pokha."

Kachitatu. Mlamu anagwira kumutu.

"Alamu, mwachotsa injini! Mwatsala ndi hutala yokha!"

"Iwe, tseka pakamwa ndimve," anatero mayiwo maso ali chitsekere. "Pamenepo, bambo. Tsono kenako."

Ka tirebo anakapititsa kumanja kamzere kamodzi, kenako kachiwiri. Zinali ngati wina watsegula mawindo m'chipinda chodzaza utsi. Amayi a m'kwaya anatulukira kutsogolo, amuna a besi anabwerera kumbuyo kumene amayenera kuima, ndipo mawu anafika pa sofa athunthu. A Masikelo, pofuna kutsimikiza, anapitirira mpaka kamzere kachinayi. Wailesi inayamba kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya.

"Ayi, ayi, mwapyola, zikulasa m'mano. Bwererani."

Anabwerera pawiri paja. Mayiwo anapuma mpweya, anadikira kuti mzere uthe, n'kulowa mu nyimbo pamalo pawo pa alito. Atelala anatsatira ndi kamawu kawo kowonda. Ngakhale mlamu anakhala pansi, ndipo patapita kanthawi anavomereza kuti hutala yakenso si yoipa.

A Masikelo anaima pambali pa ampu manja ali kumbuyo. Anayang'ana timabatani tija, kamodzi kopendekera uku, kena uko, ngati maso a munthu woledzera. Zinawapweteka. Ndiye anatulutsa m'thumba chopanira, kawaya katsopano ndi kamtovu.

"Mukutani, bambo?" Mayiwo anasiya nyimbo pakati.

"Muyeso wapezeka. Ndikutseka."

Mayiwo anaimirira, nagwira chopaniracho ndi dzanja lawo.

"Lero kuli dzuwa. Mvula ikadzagwa pa malatapa mudzafuna dandaulo lina? Mlaliki wa sabata yamawa akadzakhala wa mawu ngati a mlamu wanuyu, dandaulo linanso? Nanga makutu angawa akadzatsikanso chaka chamawa? Kalendala idzatha, bambo."

A Masikelo anayang'ana mboni, kufuna thandizo. Mboni inali ikuchotsa ulusi pa siketi yake. Anabweza chopanira m'thumba. Chimene anapempha chinali chimodzi chokha, kuti mayiwo awalukire kansalu kophimba timabatanito, kuti asamatione akamadutsa. Mayiwo anati kawiri komwe angaluke.

Sabata imeneyo inayenda pang'onopang'ono. Lachitatu mayiwo anawapeza atakweza ngodya ya kansalu kaja, akusuntha ka besi kamzere kamodzi pa nthawi ya nkhani, n'kubweza msanga atamva mapazi. Sanawafunse.

Lamulungu linafika. Anabwera kutchalitchi, anadya, mbale zinatsukidwa. A Masikelo anayatsa makina kutatsala mphindi khumi, anawongola mapilo a pa sofa, nakhala. Mayiwo anatuluka kukhitchini, anaika zoluka m'kathumba, n'kulunjika kukhomo.

A Masikelo anawatsata ndi maso. Chitseko chinatsekeka. Anamva mapazi akuzungulira nyumba, kulowera kwa atelala. Kwaya yoyamba inayamba, mawu onse ali mbee, ndipo anaona kuti kumva bwino uli wekha n'kopweteka kuposa kusamva. Anayamba kuganiza kuti walakwitsanso pati. Mwina anachedwa. Mwina munthu akazolowera kwina sabwereranso.

Ndime yachiwiri isanathe chitseko chinatseguka. Analowa mayiwo, kumbuyo kwawo atelala, atanyamula mtolo wa malaya ofuna mabatani.

"Nanga mumati ndiwasiye okha ndi kaudzudzu kawo kaja?" anatero mayiwo. "Anandisunga miyezi iwiri yathunthu. Tasunthani."

A Masikelo anasuntha. Atelala, posafuna kusankha mbali m'nyumba ya eni, anadzigwetsa pakati penipeni pa sofa, mtolo uli pamiyendo. A Masikelo anapezeka atapanikizidwa kumapeto, akazi awo akuwaona podutsa pa mayunifolomu a ana a anthu. Anakhosomola kamodzi. Anakhosomolanso.

Mayiwo anawayang'ana pamwamba pa mtolowo, anapukusa mutu.

"Anzanga," anatero kwa atelala, "khalani cha kuwindoku, kuli kuwala, mungalase chala."

Anasinthana malo. Sofa inali yothina ndithu, mwakuti phewa la mayiwo linatsamira pa la amuna awo, ndipo chigongono chawo chinkawagunda m'nthiti nthawi iliyonse akakoka ulusi. A Masikelo sanasunthe. Nyimbo yachitatu itayamba, mayiwo anawagunda dala.

"Awa akuimbira m'tchalitchi chachikulu, akumveka patali. Kawonjezereni kakumanjako kamodzi."

A Masikelo ananyamuka, anakweza kansalu, anapotokola, n'kubwerera msangamsanga malo awo asanatengedwe.